Yankho Limene Baba Ankadikira

Schiedam, 9 Malichi 2003

Yamna wanga,

Mtendere ukhale nawe, pamodzi ndi mayi anga Yemma ndi mwana wathu Houda. Ine ndili bwino, kupatula msana umene sunazolowerebe kuwerama. Ndikhulupirira kuti nanunso Mulungu akukusungani.

Tsamba loyambali uwawerengere Yemma. Amuna awo, Baba, atuluka m'chipatala Lachisanu. Chifuwa chija chikadalipo, koma akudya pang'ono, ndipo dzulo anandikalipira chifukwa cha tiyi. Akuti ndimathira shuga ngati mankhwala a m'maso. Ndiye mphamvu zokalipa zilipo. Ndachoka kuchipinda chimene ndinkagona ndi anzanga a kuntchito, tsopano ndikugona kwa Baba, pa mpando wautali wa pabalaza. Basi ya ku Nador ya sabata yamawa ibweretsa katoni. Muli bulangete la Yemma, mafuta opaka m'mawondo, ndi nsapato za Houda. Zikakula musadandaule, phazi lizipeza. Ndalama za denga la khola ndatumiza, koma amisiri asayambe mvula isanathe.

Tsamba lachiwirili ndi lako wekha. Ukawerenga ulibise m'buku langa lililonse, palibe amene amatsegulamo.

Si chifuwa wamba. Ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafika kale m'mafupa. Dokotala wa kuchipatala ananena zimenezi akuwayang'ana Baba m'maso, monga amachitira anthu a kuno. Anati miyezi itatu, mwina inayi. Atatero onse awiri anatembenukira kwa ine, poti pakamwa pa Baba ndi ine. Chidatchi chawo ukuchidziwa. Zaka makumi atatu mufakitale yosungunula zitsulo anatolamo mawu a kapitawo okha: fulumira, samala, nthawi ya buledi, mawa ubwere.

"Akuti chiyani?" anandifunsa.

"Akuti ndi fumbi la kufakitale lija, Baba. Lakhazikika. Mankhwala alipo, koma ndi a nthawi yaitali."

"Wayankhula nthawi yonseyi kuti anene fumbi basi?"

"Madokotala amazungulira, Baba."

Dokotala anandifunsa ngati ndawauza zonse. Ndinati inde.

Ndikudziwa kuti sindinachite chachilendo. Agogo ako atadwala, nyumba yonse inkadziwa, iwo okha ndiwo ankakonzekera ulendo wa ku msika. Kwathu wodwala sauzidwa, tsiku ndi la Mulungu, dokotala amangoyerekeza. Komabe ndinatuluka m'chipinda chija ngati ndawapisa m'thumba. Ku yunivesite ku Oujda anatiphunzitsa zaka zinayi kukopera zolemba zakale osasintha liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ndinkakhoza bwino. Mwina ndikungoganiza mopitirira, monga umanenera.

Mwamuna wako,
Marzouk

Schiedam, 30 Malichi 2003

Yamna,

Moni wa mtendere kwa nonse. Kalata yako ndalandira, ndi chithunzi chimene Houda wajambula. Umuuze kuti agogo ake achipachika pakhoma, ngakhale takanganapo ngati ndi mbuzi kapena galimoto.

Yemma uwauze kuti Baba akupeza bwinoko masiku ena. Mafuta a maolivi amene anatumiza afika botolo lisanasweke. Kuno botolo laling'ono la m'sitolo mtengo wake ungagulire nkhuku ziwiri kwathu ku Ben Taieb, ndipo silimveka kanthu pakamwa.

Ntchito yachuluka. Tomato wayamba kucha m'nyumba zamagalasi, timalowa kusanache bwino, kutuluka manja ali obiriwira mpaka m'zigongono. Abwana andilola kuweruka masana Lachinayi lililonse, tsiku limene dokotala amabwera kunyumba. Sanafunse zambiri, inenso sindinanene zambiri.

Masana ndikakhala kuntchito amakhala ndi Baba ndi a Bouziane, mnzawo amene anakwera naye sitima imodzi pobwera kuno. Ndimawapeza akunyozana ngati anyamata.

"Allal, dzuka iwe, mu Julaye tikupita kwathu. Galimoto ndaikonza."

"Galimoto yako ija? Bola ndifere pabedi pano kusiyana ndi kukafera m'mphepete mwa msewu ku Spain nditagwira chitini cha madzi."

"Inakufikitsa kasanu."

"Kawiri. Katatu ndinaifikitsa ndine, ndikukankha."

Amaseka, Baba n'kuyamba kutsokomola, a Bouziane n'kuyang'ana kuzenera. A Bouziane ndinawauza zoona za matendawa. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndachita monga mwana woleredwa.

Izi zotsatirazi ndi zako.

Sindikukumbuka ngati ndinakulemberapo za Piet, mkulu wa khomo loyang'anana ndi lathu. Anagwira ntchito limodzi ndi Baba pa ng'anjo imodzi zaka zambiri. Chaka chatha nayenso anadwala matenda osachira. Kuno lamulo limalola kuti munthu wotere, ululu ukamukulira, apemphe dokotala amubaye jakisoni womugonetsa osadzukanso. Piet anapempha, anamulola. Litatsala tsiku limodzi anaitana Baba kukamwa khofi, n'kuwauza kuti mawa pa thu koloko akupita. Baba anabwerako atakwiya kwambiri. Anati anthu awa amapangana tsiku la imfa ngati tsiku lokameta tsitsi. Sabata yonse sanafune kumva dzina lake.

Lachiwiri ndinkawathandiza kutsika masitepe kuti akaotheko dzuwa. Anaima pakhomo paja, pamene tsopano pakukhala anthu ena.

"Piet anapita atavala malaya osita," anatero. "Anamwa khofi wake. Anandiperekeza yekha mpaka pano."

"Munati ndi tchimo lalikulu, Baba."

"Ndinatero. Gwira bwino mkonowu, ukundikoka ngati thumba."

Tinapitiriza kutsika. Mwina anangokumbukira mnzawo.

Marzouk

Schiedam, 13 Epulo 2003

Yamna wanga,

Mtendere. Ndili moyo, ndikudya, ndikupita kuntchito. Yemma uwapatse moni, uwauze kuti Baba awafunsa ngati mtengo wa nkhuyu wa kuseri kwa nyumba waphuka. Zoti uwawerengere ndi zomwezo. Sindinathe kupeka zina.

Baba akudziwa. Lolemba nditawasambitsa kumsana anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Marzouk, fumbi silitsikira m'chiuno."

Ndinayamba kufotokoza za mitsempha. Anakweza dzanja.

"Anzanga asanu ndi mmodzi a kufakitale ndawaperekeza ku bwalo la ndege ali m'mabokosi. Chifuwa chopola ndimachidziwa, chinachi ndimachidziwanso. Sindikukuimba mlandu. Inenso bambo anga ndinawanamiza mpaka tsiku lomaliza, ndipo ndinkanama bwino kuposa iwe. Iwe ukamanama umayang'ana nsapato."

Ndinafuna kuseka, sizinatheke. Kenako anandiuza za a Haddou, mmodzi wa anzawo aja, amene anamwalira ndisanabwere kuno. Akuti miyezi iwiri yomaliza ankabuula mpaka a nyumba zoyandikana kugogoda pakhoma, ana awo akudyera m'khitchini atatseka chitseko. Munthu amene ankanyamula chitsulo cha anthu awiri yekha.

"Lachinayi akabwera mayi dokotala, uwauze kuti ndikufuna ya Piet."

"Baba, ndi haramu."

"Unapita mpaka ku Oujda kuti udzandiuze zimene kamwana ka ku madarasa kakudziwa? Ndaswali kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndasala Ramadani nditaima pa ng'anjo. Nkhaniyi ndi ya ine ndi Mwini wanga, ndikayankha ndekha. Iwe ungonena zimene ndanena. Ndakupemphapo chiyani chiyambire?"

Sanandipemphepo kanthu, Yamna. Ngakhale pamene ndinasiya maphunziro amene ndinabwerera kuno n'kuyamba kuthyola tomato, anangoti tomato nayenso amafuna profesa.

Lachinayi dokotala Veenstra anabwera. Si wa kuchipatala uja, uyu ndi wa m'dera lathu, amene amayendera odwala m'makomo. Ndi mayi wamtali, amayenda pa njinga, ndipo amavula nsapato pakhomo osauzidwa. Atamaliza kuwayeza, Baba anadzikweza pa pilo n'kuyankhula. Sindinawamvepo akuyankhula motalika chotero kwa munthu wamkazi wachilendo. Ananena bwinobwino, mwaulemu, kuti akudziwa matenda awo, kuti saopa kufa, kuti chimene akuopa ndi kusanduka chinthu chimene mwana wawo azichitembenuza. Atatha anandiyang'ana.

Ine ndinati, m'Chidatchi changa chosalala: "Akuti ululu wa m'chiuno wakula kwambiri. Akupempha mankhwala amphamvu."

"Ndamva akutchula Piet kawiri," anatero dokotala.

"Anali mnzawo wa khomo ilo. Akumusowa."

Anandiyang'ana kanthawi. Anawonjezera mofini, n'kunena kuti ngati bambo Akachar ali ndi china chimene akufuna kukambirana chokhudza masiku akubwerawa, iye ndi wokonzeka kumva chilichonse. Anabwereza liwu loti chilichonse.

"Akuti chiyani?" anafunsa Baba.

"Akuti amva. Akaganizira kaye. Pali mapepala."

Anagwedeza mutu n'kugona chagada, nkhope ili phee, ngati munthu amene watula katundu pa basi.

Usandifunse chifukwa. Pakamwa panakana pokha. M'maganizo ndinaona a Bouziane, ndinaona anthu a kumzikiti amene adzawasambitse, ndinaona Yemma akumva nkhaniyi kwa akazi a pachitsime. Ndinaonanso moto wosazima uja, ngakhale ine amene umandinena kuti ndimaswali ngati wobwereka chipembedzo. Ndadziuza kuti mawu awo sindinawataye, ndangowasunga. Zikadzafika poti sindingathenso kuonerera, ndidzawatulutsa. Ali m'manja mwanga.

Undilembere, ngakhale mzere umodzi.

Marzouk

Schiedam, 4 Meyi 2003

Yamna,

Moni kwa iwe, kwa Yemma ndi kwa Houda. Ine ndilipo. Dzino la Houda likagwedera musalikoke ndi ulusi, lichoka lokha.

Za barele: chaka chino musadikire ine. Uwauze amalume Aissa apeze anthu odula, agawane monga mwa nthawi zonse. Udzu wake musagulitse wonse, bulu adzadya chiyani m'chilimwe.

Wandilembera kuti ndiwabweretse Baba kwathu, akaone mkazi wawo, zoganiza zinazi zidzatha zokha. Ndawerenga kalata yako kanayi. Ndinamufunsa dokotala. Akuti ndege sangakwere, mpweya wawo ndi wochepa, ndipo masiku atatu a pa galimoto sangafike nawo ngakhale ku France. Ndinawafunsanso eni ake.

"Ku Ben Taieb mofini ndikamupeza kwa ndani, kwa wogulitsa sopo? Amayi ako akhala zaka makumi atatu akundiona mwezi umodzi pachaka, nditavala jekete, nditanyamula mphatso. Ukufuna akandione chonchi? Asunge wa jekete uja."

Wanenanso kuti ndikafunse anthu odziwa. Ndinapita kwa shehe Lachisanu titatha kuswali. Ndinati pali munthu wina kuntchito amene bambo ake apempha zakutizakuti. Shehe wathu ndi wachinyamata, wofatsa, sanakalipe. Anati moyo ndi chinthu chosungitsidwa, wosunga sabweza tsiku limene wafuna yekha. Anati wothandizira ali ndi gawo lake pa mlanduwo. Anatinso ngakhale mankhwala oletsa ululu asachuluke mpaka munthu kulephera kunena shahada, umboni wa chikhulupiriro, pomaliza, chifukwa mawu amenewo ndiwo kamba wa paulendo. Ndikutuluka anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga bambo ako ali bwanji?" Ndinati alhamdulillah.

Ndiye ndachita bwino. Aliyense amene ndingamufunse anena kuti ndachita bwino.

Koma Lachinayi lililonse Baba amandiuza kuti ndiwamete ndevu ndi kuwaveka malaya oyera. Dokotala akamalankhula amamuyang'ana pakamwa. Akangotuluka, funso ndi limodzi.

"Ayankha?"

"Sanayankhe, Baba. Akuti mapepala ali kwa akuluakulu."

"Dziko la mapepala. Nyumba ino ndinaidikira zaka zinayi. Uwauze kuti ulendo uno zaka zinayi ndilibe."

Amanena moseka. Pa nkhani iyi sanandikayikirepo ngakhale kamodzi, ndipo ndaphunzira kusayang'ana nsapato.

Marzouk

Schiedam, 21 Meyi 2003

Yamna,

Mtendere. Pepa kuti ndakhala chete. Uwauze Yemma kuti tikuwakumbuka. Sindikudziwa chinanso choti uwauze.

Kuntchito ndasiya kaye. Abwana akuti malo andisungira mpaka kutha kwa Juni.

Mofini sakugwiranso monga kale. Ululu umabwera ngati mafunde, ndipo ukafika Baba amaluma thaulo kuti a khomo linalo asamve. Matawulo awiri abooka. Kuchimbudzi ndimawanyamula. Salemera kuposa Houda. Ndikawatsitsa amatembenukira kukhoma, ndipo ine ndimayamba kukamba za mpira kuti pakhale phokoso.

Dzulo masana, fundelo litadutsa, anandiitana.

"Mwana wanga, kapena sunawauze bwino. Chidatchi chako ndi cha m'mabuku, mwina unazunguliza mwaulemu mpaka sanamve. Anthu awa amafuna kuwauza mosabisa, ngati ukugula misomali. Ukayesenso. Sindikukukalipira."

Madzulo ake ananditchula Omar, dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Anazindikira okha n'kupepesa.

Mawa ndi Lachinayi. Ndinena. Usandiletse, kalata yako idzafika nditanena kale. Tchimo likakhalapo tigawana ndi Baba.

M.

Schiedam, 28 Meyi 2003

Yamna wanga,

Mtendere ukhale nanu. Ine thupi lili bwino.

Lachinayi sindinanene. A Bouziane anabwera ndi supu ya akazi awo n'kukhala pampando wa pafupi ndi bedi nthawi yonse imene dokotala analipo. Ndikanatha kumutsatira dokotala pa masitepe. Ndinaima pakhomo nditagwira chitseko mpaka njinga yake inakhota. Lachisanu ndinati ndi tsiku la Mulungu, si loyenera. Loweruka ndi Lamlungu sagwira ntchito. Ukuona mmene munthu wophunzira amapezera zifukwa.

Lolemba m'mawa ndinapita ku ofesi yake. Ndinanena zonse nditaimirira, kuyambira za fumbi zija. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anavula magalasi n'kufunsa kuti Baba anapempha liti koyamba.

"Pa 10 Epulo."

"Masabata asanu ndi limodzi apitawo."

"Inde. Koma tsopano ndavomera. Ndine mwana wawo wamwamuna yekhayo, amayi ali kutali, wolankhulira banja ndine. Ndisayina paliponse. Chitani zimene anapempha."

Ndinkaganiza kuti povuta ndi pamenepo, kuti ine nditulutse mawuwo. Kwathu munthu akadwala, olamula ndi abale. Dokotala wa ku Nador amaitanira ana pakhonde n'kuwafunsa kuti tichite bwanji. Ndinkayesa kuti kunonso chitseko ndine.

"Bambo Marzouk, khalani pansi," anatero. "Chilolezo chanu sichikufunika, ndipo sichinafunikepo. Si inu wopempha. Ayenera kupempha okha, kwa ine, mutu uli bwino, osati kamodzi kokha. Ndiyenera kukhutira kuti palibe akuwakakamiza. Kenako abwere dokotala wina amene sakuwadziwa, adzawamve payekha. Zimatenga masiku. Mukanakana inu pa 10 Epulo, iwo n'kupempha, ndikanamvera iwo."

Sanandikalipire. Anati cholakwa china ndi chake, anayenera kuitana womasulira wapadera kuyambira pachiyambi, ndipo tsiku la Piet lija mtima unamugunda koma anausiya. Bola akanandikalipira.

Anabwera masana omwewo. Anaika lamya pa bulangete, ya mtundu womveka chipinda chonse, ndipo mbali inayo kunali mayi womasulira, wolankhula Chirifi chathu chenicheni, cha kumapiri. Ine anandiuza kuti ndikakhale kukhitchini. Khoma la nyumba ino ndi lopyapyala.

Baba anali atatentha thupi kuyambira Loweruka. Ndinamva mayi uja akupereka moni, n'kunena kuti dokotala akufuna kudziwa chimene bambo Akachar akufuna.

"Fettouch?" anatero Baba. Anayesa ndi Yemma. "Fettouch, ndiwe? Wakwera bwanji masitepe onsewa ndi mawondo akowo?"

Mayi uja anafotokozanso kuti iye ndi ndani. Dokotala anafunsa ngati akudziwa kumene ali, ngati akudziwa matenda awo, ngati pali chimene anapempha mwana wawo kuti anene.

"Mwanayo ali kusukulu, musamusokoneze. Mvula yagwa kumeneko? Ukamuuze Omar atseke ngalande, madzi angalowe m'khola."

Anayesa kwa theka la ola. Dzulo anabweranso m'mawa, nthawi imene odwala amakhala ndi mutu wopepuka. Baba ankakangana ndi kapitawo wa kufakitale za magolovesi.

Pa masitepe dokotala anandiuza kuti njira ija yatsekeka. Mutu ukhoza kubwerera kwa mphindi zingapo, koma mphindi sizikwanira pa zimene lamulo likufuna. Chimene chatsala, ululu ukapitirira chonchi, ndi mankhwala owagonetsa tulo tatikulu kuti asamve kanthu, mpaka matendawo atamaliza okha. Akuti amenewo safupikitsa moyo, ndipo pa amenewo angathe kumva maganizo a banja. Ndinaseka, Yamna, pa masitepe pomwepo. Tsopano akufuna maganizo anga.

A Bouziane akuti tisalole, munthu azipita ali maso, shahada ili pakamwa. Ndawauza kuti abwere adzagwire thaulo tsiku limodzi. Sindinayankhulepo chotero kwa munthu wamkulu. Mawa ndikawapepesa.

Marzouk

Schiedam, 7 Juni 2003

Yamna,

Mtendere ukhale nawe. Ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Za imfa ndinanena kale pa lamya ya kusitolo, ndipo unamva wekha kuti sindikanatha kuwonjezera kanthu anthu ali m'mbali mwako. Kalatayi ndapatsira mlamu wa a Bouziane amene akunyamuka mawa pa ndege. Ife tifika ku Nador Lachiwiri masana, ine pamwamba, Baba pansi pa ndege. Za bokosi ndi ulendo musavutike, ankalipira bungwe la maliro chaka chilichonse chifikireni kuno. Amalume Aissa apeze galimoto yotseka kumbuyo. Manda akumbe pafupi ndi a agogo, mbali ya kumtunda kumene madzi sadutsa. Nkhosa ya sadaka mugule Lolemba, musadikire ine.

Yemma uwauze kuti amuna awo ananena shahada ndi pakamwa pawo, chala chili m'mwamba, ine ndikumva. Ndi zoona, ukhoza kulumbira. Anthu a kumzikiti anawasambitsa dzulo, ndipo a Bouziane akuuza aliyense kuti Allal anapirira mpaka pomaliza osapempha kanthu kwa munthu. Akuluakulu amene sindikuwadziwa n'komwe akhala akundipsompsona pamutu. Akuti wodala bambo amene anabereka mwana wotere.

Iwe ndikuuze mmene zinakhalira.

Lachisanu la sabata yatha ndinavomera za tulo zija. Dokotala Veenstra anabwera cha m'ma teni koloko ndi namwino, ndi kabokosi kokankha mankhwala pang'onopang'ono kudzera pa kasingano ka pansi pa khungu. Ankakonza zimenezi patebulo, atatipatsa msana. Ine ndinali pambali pa bedi ndikuwanyowetsa milomo ndi thonje. Baba anatsegula maso, ndipo anali iwowo. Sabata yonse anali asanandizindikire.

Anayang'ana dokotala, anayang'ana singano m'manja mwa namwino, kenako ine.

"Marzouk. Ayankha?"

Ndikanatha kuwauza zonse. Mphindi inalipo yokwanira kunena kuti Baba, pempho lanu silinafike, ndinalikhalira ine, ndipo ichi si chimene munapempha.

"Ayankha, Baba. Avomera. Ndi lero."

Anatseka maso, n'kuwatsegulanso.

"Wandimeta?"

"Ndakumetani m'mawa."

"Malaya?"

"Oyera aja."

"Ndinadziwa kuti ukawauza bwino amva. Profesa." Anafuna kuseka, chifuwa chinawaletsa. "Amayi ako usawauze. Unditembenuzire ku kibula."

Ndinakankha bedi lonse kuti ayang'ane kumene timayang'ana poswali. Anakweza chala okha. Ananena mawu onse, pang'onopang'ono, kenako anapempha chikhululuko katatu. Dokotala anandifunsa motsitsa mawu kuti akuti chiyani. Ndinati akupemphera. Anadikira mpaka atamaliza, ndiye namwino analowetsa singano.

Iwo ankakhulupirira kuti akupita nthawi yomweyo, monga Piet. Anagona masiku asanu ndi limodzi.

Namwino ankabwera kawiri patsiku kudzaona kabokosi kaja. Anandiuza kuti nthawi zina munthu amatsitsimuka pang'ono, mankhwala akachepa mphamvu, ndipo zikatero ndimuimbire msanga. Choncho ndinakhala pampando uja masiku onsewo ndikuyang'ana zikope zawo. A Bouziane ankabwera kudzawerenga Yasini ya m'Korani, ankayesa ndikupempherera kuti Baba adzuke tilankhulane komaliza. Ine ndinkapempha kuti asadzuke. Ndinkaopa kuti atsegula maso, aona denga lomwelija, nyale yomweija, ndi ine, n'kudziwa.

Sanadzuke. Anasiya kupuma Lachinayi dzuwa likupendeka, ndili kukhitchini ndikutsuka kapu.

Sindikudziwa ngati Mulungu adzawawerengera chimene anafuna kapena chimene chinachitika. Sindikudziwanso za ine. Ndafunsa mokwanira, ndatopa.

Ndikafika anthu adzakhala ambiri, ndipo ndidzayenera kukhala ndi amuna kubwalo masiku atatu ndikulandira mapepeso. Ukadzaona ndalowa m'khola ngati ndikukaona denga latsopano, usatume munthu kudzandiitana. Ubwere wekha.

Mwamuna wako,
Marzouk